A Makina, Mkamwini Wodzala Pakhomo pa Eni

Ku Nkhulambe kunali munthu mmodzi amene ukamuona akulunjika kwanu ndi khasu paphewa, sunkavutika kumufunsa kumene akupita. Ankabwera kudzakumba pakhomo pako. Dzina lawo a Makina. Ena amatchuka ndi mowa, ena ndi milandu, ena ndi kuvina tchopa, koma a Makina anatchuka ndi kudzala zinthu pakhomo pa eni popanda wowapempha. Ukangoti ndipite kuchigayo, pobwera unkapeza pabwalo pakumbidwa, miyala yandandalikidwa mozungulira, timitengo tazikidwa, mwini ntchitoyo atakhala pakhonde pako akudzikupiza ndi chipewa.

"Kodi wakutumani ndani, a Makina?"

"Mphepo."

"Mphepo imalankhula?"

"Kwa ine imalankhula. Yati pano ndi pamene imapumira, ndiye ndabwera kudzaisamutsa."

Amene anaona zakuda ndi khalidweli kuposa wina aliyense anali mlamu wawo, mai Belita, mng'ono wa akazi awo a Fainess. A Makina anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nazombe, ndipo atabwera kudzakwatira anamanga nyumba moyang'anizana ndi ya mai Belita. Tsono mai Belita ulemu wawo wonse unali pa tsache. Pabwalo pawo pankasesedwa mpaka kuwala ngati dazi la mkulu wa mpingo. Nyerere ikadutsapo inkasiya mapazi ooneka, ndipo nkhuku zinkachita manyazi kuipitsapo.

"Alamu, mwasesanso?" ankayamba choncho a Makina m'mawa uliwonse.

"Nanga ndisiye pakhale kutchire ngati kwanuko?"

"Khonde lanu latalika chaka chino. Kale munkakwera osaganiza, lero mukugwira bondo. Nyumba siikula, alamu. Ndi dothi likupita. Lina mwapatsa tsache, lotsala mwapatsa mphepo."

"Bola ine sindigona ndi njoka."

"Njoka imatsata mbewa, ndipo mbewa zonse za mudzi uno zimachita misonkhano m'nkhokwe mwanu."

Pamenepo tsache linkauluka, a Makina n'kuwerama, tsiku n'kuyamba.

Kuti mumvetse misala ya mkuluyu, muyenera kuidziwa mphepo ya kuno. Mvula ikangokata, mwera umatsika m'phiri ngati waitanidwa, n'kumaomba mpaka milomo kung'ambika. Mwera ukatopa kumabwera dzuwa la Okutobala ndi akamvuluvulu ake, onyamula fumbi, nthenga za nkhuku, nthawi zina ndi chitenje cha munthu pachingwe. Maluwa amene amayi ankadzala m'zitini nthawi ya dzinja ankauma gwa, n'kusanduka nkhuni zoyatsira moto.

A Makina ankati mphepo ndi apongozi. "Apongozi sutsutsana nawo maso ndi maso. Umawaikira mpando chapatali, akhale pansi, mkwiyo uthe." Mpando umenewo unali mzere wa udzu wa vetiva, khonje kapena nkhadze, umene ankayamba kudzala mbali yochokera mphepo. Kuseri kwake ndiye ankakumba bedi lolowa pansi ngati mbale, kuti madzi akagwa asathawe. Ankathiramo manyowa a mbuzi, kutchinga ndi miyala, pamwamba n'kuphimbira ndi mapesi. Ndipo sankadzala chilichonse chofa ndi chilimwe. Zawo zinali alovera, kambuzi, chammwamba, deliya, chigwada cha mpira, ndi maluwa ena a minga amene ankachita kuwapempha kutali.

"Chodzala chaka ndi chaka ndi cha kumunda," ankatero. "Pakhomo pamafunika chokhala. Chimene ukadwala chaka chathunthu, podzuka umachipeza chikukudikira."

Vuto linali madzi. Mjigo unali kutali, ndipo panalibe mayi amene akanasenza ndowa kuti akamwetse tchire la a Makina. Koma iwo anaona kuti nyumba iliyonse imataya madzi tsiku ndi tsiku: pansi pa thandala la mbale ndi kuseri kwa bafa. Choncho akafika pakhomo, moni asanathe, ankafunsa mayi wa pakhomopo kuti, "Kodi mai, mumasambira pati?"

Funso limeneli linatsala pang'ono kuwaphetsa. Panali a Goodman, bambo wansanje amene anali atangokwatira mtsikana wokongola dzina lake Atikonda. Tsiku lina masana akuchokera kogulitsa nandolo, anapeza a Makina atanyonyomala kuseri kwa bafa lawo, nkhope ili pafupi ndi udzu, m'kati madzi akumveka khwaa. A Goodman anaponya njinga, kutola munsi.

"Mdala iwe! Ukusuzumira mkazi wanga?"

"Akazi anu ndawasiya kumjigo, bambo. Ine ndikusuzumira madziwa. Taonani mmene akupitira pachabe. Apa pakhoza kukhala nthochi."

"Nanga m'katimo muli ndani?"

M'bafamo munatuluka mawu onjenjemera a nkhalamba, amalume ake a Atikonda: "Ndine, apongozi! Musiyeni munthuyo. Wandipempha kuti ndisachulutse sopo."

Nthochiyo inabereka mikoko yoti munthu mmodzi sangasenze. A Goodman ankadya mwakachetechete, ndipo nkhani ya munsi ikayambika pabawo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo sizinamwe madzi.

A Fainess okha ndiwo ankawamvetsa amuna awo, kapena tinene kuti anasiya kudabwa. Tsiku lina kukubwera alendo, a Fainess anawatuma amuna awowo kumsika kukagula matemba. Alendo anafika, anacheza, anadya chigwada, anatsanzika. Dzuwa likupendeka a Makina anatulukira, pakaliyala wa njinga atamangirira chitsa cha udzu ndi dothi lake lomwe. Anali atauona pakhomo pa munthu wina kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo anathandiza mwiniwake kufolera khitchini tsiku lonse kuti awagawireko.

"Matemba ali kuti, bambo?"

"Matemba mukanadya lero basi. Uwu ndi udzu wa tiyi, tanunkhizani, ngati ndimu. Mudzamwa mpaka mano atathothoka."

Mai Belita, amene ankamvetsera ali pabwalo pawo, anaomba m'manja. "Achemwali, inu munakwatiwa ndi mbuzi. Chilichonse chobiriwira, aima."

"Mbuzi imadya, mng'ono wanga," anayankha a Fainess akuseka. "Awa amadzala."

Pakhomo pa mai Belita pokha ndi pamene panakanika. A Makina ankadzala iwo akapita kumunda, iwo pobwera n'kuzula. Ankadzalanso akapita kumaliro, pobwera n'kuzula, mapesi onse n'kusesera kudzala. Nthawi ina mai Belita anazula alovera n'kukamuponya padenga la khitchini ya mlamu wawo. Patapita mwezi a Makina anamutsitsa akadali wamoyo, n'kukamuonetsa mudzi wonse ngati mwana wobadwa kumene.

Kenaka kunabwera nkhani ya ufa. Amayi a mpingo anali ndi msonkhano, ndipo mai Belita ndiwo anapatsidwa udindo wa chakudya. Anayanika ufa woyera mbee pamphasa, pakati pa bwalo lawo losalala lija. Kamvuluvulu anadza kuchokera kumsewu, sanapeze chomupinga, anavina pamphasapo mpaka kukhuta. Ufa unasanduka wofiira ngati njerwa. Tsidya linalo, kuseri kwa vetiva, ufa wa a Fainess unali phee, osagwera ngakhale kachitsotso.

Kuyambira pamenepo, mai Belita akafuna kuyanika ufa ankasenza dengu n'kuwoloka bwalo nkhope ili gwa.

"Ndabwera kudzacheza ndi achemwali."

"Takulandirani, alamu. Ufawu nawonso wabwera kudzacheza?"

"Wasowa abale ake."

Anakhala choncho zaka zambiri, mpaka imvi zinawapeza onse atatu. Ndiye chaka china nthawi yokolola a Fainess anadwala, ndipo matendawo sanachedwe nawo. Anamwalira osasiya mwana, pakuti Mulungu sanawapatse mphatso imeneyo.

Mukudziwa mmene zimakhalira ndi mkamwini mkazi akapita, makamaka popanda ana. Miyezi itadutsa, a Cornelius, mlongo wawo wa a Fainess ndi mai Belita, amenenso anali mwini mbumba, anaitana abale a ku Nazombe kuti adzatenge munthu wawo pa mwambo womusudzula. A Cornelius sanali munthu wankhanza. Ankangotsata mwambo, ndiponso panali adzukulu amene ankafuna malo omanga.

M'mawa wa tsikulo mai Belita anaona mlamu wawo akuyenda nyumba ndi nyumba, wopanda khasu. Ankaima pa bedi lililonse n'kumalangiza eni ake. Kwa Atikonda anati nthochi azipatulira ana ake isanapanikizane. Kwa ena anati vetiva azimumeta mvula ikayandikira, kambuzi asamuthirire masana. Anthu ankangogwedeza mitu, ena akuyang'ana kumbali. Pomaliza anafika pabwalo losesedwa lija, n'kuima m'mphepete ngati akuopa kulidetsa.

"Pano palibe choti ndilangize, alamu. Mwapambana."

Mai Belita anasiya chipongwe cha masiku onse. Anangofunsa chimene sanafunsepo zaka zonsezo.

"Kodi alamu, chinkakuvutani n'chiyani? Munda achemwali anali nawo. Bwanji simunkadzala mitengo yanuyo kumeneko, n'kutisiya ife ndi mtendere?"

A Makina anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati. "Nditangofika kumene ndinadzala mango m'munda muja. Amalume anu anandiitana, anati mkamwini akadzala mtengo ndiye kuti akufuna malo. Ndinazula ndekha. Koma manja angawa samva, alamu. Ndiye ndinati ndizidzala pamakomo pa anthu, pamene palibe angandiganizire kuti ndikuti ndi panga."

Anavalanso chipewa n'kupita kukamanga katundu. Katunduyo anali bulangeti, jekete la kutchalitchi, ndi thumba lodzaza timitengo todula.

Masana anthu atasonkhana, a Cornelius analankhula bwino. Anathokoza a Makina kuti anasunga mlongo wawo mpaka mapeto, ndipo anati tsopano ndi omasuka kubwerera kwawo. A ku Nazombe anavomera. Zonse zinali kutha mwaulemu pamene mai Belita anakhosomola.

"Achimwene, ndilankhuleko. Munthuyu wakumba mudzi wonse. Pakhomo panga pokha ndi pamene sanamalize. Achoka bwanji ntchito ili pakati?"

A Cornelius anatsegula pakamwa. "Achemwali, si inu nomwe munkazula?"

"Ndinkazula chifukwa ankadzala mokhota."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti, a ku Nazombe omwe. Koma mai Belita sanaseke. "Adzukulu amange kumtunda, malo aliko. Awa kwawo ndi kuno. Ku Nazombe akawadziwa ndani? Ndiwo ndiziwapatsa ine. Akhale."

Ndipo anakhala. Mawa lake mai Belita anajambula mzere ndi chidendene pakati pa bwalo. "Uku n'kwanu, uku n'kwanga. Tsamba lanu likadumpha mzerewu, ndilisesa." A Makina anayang'ana mzerewo, n'kunena kuti wakhota. Anakangana mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo amene anawamva anati mudzi wachira.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma kunabwera chaka cha namondwe wa Freddy, pamene phiri linatsitsa matope ndi miyala. Za masiku amenewo anthu a kuno sakonda kukamba zambiri, pakuti palibe banja limene silinalire. Mai Belita ndi mlamu wawo anapulumuka, anakhala kumsasa pamodzi ndi anzawo. Pobwerera anapeza mchenga wokhawokha. Mabedi, miyala, nthochi ya a Goodman, udzu wa tiyi wa a Fainess, zonse zinali pansi kapena zinapita.

A Makina anaima nthawi yaitali akuyang'ana. "Ine ndinkaikira mpando mphepo," anatero motsitsa, "osadziwa kuti kuli alendo ena obwera ndi miyala."

Kuchokera tsiku limenelo sankalankhulanso kwenikweni. Anthu anawamangira kanyumba, iwo n'kumangokhala pakhomo, manja ali pamawondo. Chilimwe chitafika, mphepo inapeza mchenga wopanda mwini n'kuyamba kuugawa: m'maso, m'ndiwo, m'makutu mwa makanda. A Goodman, omwe aja a munsi, anabwera chipewa chili m'manja kudzapempha kuti akawadzalire vetiva.

"Ndakalamba, bambo," anayankha a Makina. "Dzalani nokha."

Mai Belita anapirira njala ndi kusowa zovala, koma chete wa mlamu wawo anawakanika. Anayesa kuwaputa, kuwatchula mbuzi, kusesa fumbi molunjika kumapazi awo. A Makina ankangosuntha mapaziwo. Ndiye mvula yoyamba itagwa, mai Belita anayenda ulendo wautali kwa mnzawo wa kumtunda kumene madzi sanafike, n'kubwera ndi mtolo wa timitengo ta chigwada cha mpira ndi vetiva pang'ono. Anasankha malo oonekera bwino kuchokera pakhomo pa mlamu wawo. Anaunda mulu wautali ngati wa mbatata. Vetiva anamuika mbali imene mphepo imapita. Kenaka anatenga kamtengo n'kukazika chozondoka, maso ake akuloza pansi.

A Makina anayang'ana kumbali. Mai Belita anazika kachiwiri, chozondokanso, akuimba nyimbo ya kwaya. A Makina anakanda bondo. Anakhosomola. Mai Belita anatenga kena, n'kukayang'ana mbali zonse ngati akuganiza, n'kukazondotsa.

"Alamu!"

"Ee?"

"Mukuchita dala kapena ndi umbuli?"

"Nanga ine ndidziwa? Ine ndi wa tsache."

"Mtengo umamera kupita kumwamba, alamu! Nanga muluwo ndi manda a ndani? Madzi aima pati? Vetivayo mukutchinga mphepo kapena mukuiperekeza? Bweretsani khasulo musanaphe mbewu za eni!"

Mai Belita anapereka khasu, n'kulowa m'nyumba msanga kuti asaoneke akupukuta m'maso.

A Makina anayambiranso, pang'onopang'ono, pakuti msana unali utatha. Tsopano anthu ankachita kuwaitana, kuwasungira nyemba za kalongonda ndi makaka a chinangwa, kuwanyamulira miyala. Iwo ankadandaula kuti ntchito yatha kukoma. "Pakhomo poitanidwa dothi silikoma," ankatero. "Kale munthu unkakumba mtima uli m'mwamba, khutu lili kunjira." Nthawi zina, pofuna kuwasangalatsa, Atikonda ankanamizira kukalipa: "Mwakumbanso osandiuza!" Mkuluyo ankasangalala tsiku lonse.

Anamwalira chaka chatha, m'mwezi wotentha, mvula isanagwe. Anali atamaliza kuphimbira bedi pakhomo pa a Goodman, n'kukhala pansi kutsamira khoma, chipewa chili kumaso. Eni nyumba ankayenda monyang'ama kuti asawadzutse, mpaka mthunzi unachoka pamene anakhalapo iwo osasuntha. Abale a ku Nazombe anabwera kudzatenga thupi, koma a Cornelius omwe aja ndiwo anaimirira n'kunena kuti munthuyu agona pambali pa mlongo wawo.

Mudziwu tsopano ukubiriwiranso mwa apo ndi apo. Mphepo ikadali yomwe ija, koma ikafika pamakomo ambiri imachepa ukali. Anthu amagawana timitengo pamaliro ndi paukwati, ndipo amakangana za mbali yoyenera kudzala vetiva, aliyense akunena kuti iye ndiye anamva bwino. Chimene chikusowa ndi phokoso la m'mawa. Mai Belita amadzuka, kugwira ntchito zawo, kumaliza, popanda wowalakwira. Amati tsiku lopanda mkangano limatalika.

Mvula yoyamba itagwa chaka chimene a Makina anamwalira, mai Belita akutuluka m'khitchini anaona chinthu chachilendo pafupi ndi khomo. Panthaka yosesedwa panatuluka phesi limodzi lopanda tsamba, pamwamba pake duwa lozungulira ngati mpira wa ana, lofiira psuu. Sanaonepo lotere chibadwire, ndipo sankadziwa kuti pamenepo panakwiriridwa kanthu. Anaika mphika pansi, kutembenukira ku kanyumba kaja.

"Alamu! Tabwerani mudzandiuze, chimenechi ndiye chiya..."

Chitseko cha kanyumbako chinali chomangidwa ndi waya.

Anaitana Atikonda, sanalidziwe. A Goodman anati mwina ndi la ku Mozambiki. A Cornelius analizungulira, n'kunena kuti amene ankadziwa mayina a zinthu zimenezi anapita nawo. Duwalo linakhala masiku owerengeka, kenaka linafota, phesi n'kugwa, pamalopo n'kuoneka ngati sipanamerepo kanthu.

Mai Belita anapita kumtsinje, ndi msana wawo wokalambawo, n'kusankha mwala woyera wosalala. Anauika pambali pa malowo n'kuupondereza ndi phazi.

"Mwalawu ngwachiyani, mai?" anafunsa Atikonda.

"Kuti munthu asapondepo. Pansipa pali chamoyo."